Tiyeni ku Dambo: Kuzindikira Maluwa a Chikande ku Mulanje

Ulendo uno tsamba lathu la zachilengedwe likuyamba lachoka pamchenga wa kunyanja kuno n'kukwera kumtunda, ku boma la Mulanje, kwa eni ake tiyi ndi nanazi. Nkhani yathu ndi ya chomera cham'tchire chimene ambiri a ife tinangochimva, ena tinachilawako, koma ndi owerengeka amene anachiona chili ndi maluwa. Tikunena chikande, chimene abale athu a kumpoto amati chinaka, ndipo ku Zambia amati chikanda.

Amene anayendako ku Mzimba, ku Rumphi, ku Chitipa, kapena kutsidya ku Chipata ndi ku Lusaka, ndiwo imeneyi akuidziwa. Amayi amatenga timbatata tating'ono tokumbidwa kudambo, n'kutitsuka, kutisinja, kenaka n'kutiphika pamodzi ndi nsinjiro, mchere, tsabola ndi chidulo kapena soda. Zikazizira zimagwirana n'kulimba ngati chiwindi, moti amachita kudula ndi mpeni. Mlendo akhoza kuyesa kuti wadya nyama, chonsecho mulibe ndi kafupa komwe.

Tsono funso lathu n'lakuti, kodi timbatata timeneti timachokera ku chomera chotani? Tikakhala m'lichero pamsika timangofanana tonse, tafumbi, tofiirira, ngati mbatata ya kachewere yokwinimbira. Yankho lili kudambo m'nyengo ya dzinja, chifukwa chikande chimadziwika ndi duwa lake. Munthu amene sanalione duwalo sadziwa chimene akukumba, ndipo tsiku limene chidzathe sadzadziwanso kuti chatha n'chiyani.

Banja lake n'lalikulu

Akatswiri a zomera amaika chikande m'banja limene Angerezi amalitcha orchid. Ili ndi limodzi mwa mabanja aakulu zedi a zomera zamaluwa, pakuti lili ndi mitundu yoposa 25,000 padziko lonse lapansi. Vanila amene amayi amathira mu keke amachokera ku nyemba za chomera cha m'banja lomweli, chimene amalima kwambiri ku Madagascar. M'Malawi muno muli mitundu yoposa 400, ndipo pafupifupi theka la mitunduyi imapezeka pa Nyika.

Ina mwa mitunduyi imamera pamitengo ndi pamatanthwe. Inu a kunyanja mwina munaonapo chitsamba chokangamira pamphanda ya mtengo waukulu kapena pa mgwalangwa, cha maluwa achikasu a mawanga oderapo ngati chikopa cha kambuku. Chimenecho dzina lake ndi Ansellia africana, ndipo ndi mbale wake wa chikande. Koma lero tikukamba za mitundu yomera pansi, makamaka m'madambo ndi m'malo a lowe.

Anthu akhala akulemba za maluwa amenewa kwa nthawi yaitali. M'chaka cha 1970 a Brian Morris anatulutsa buku la mitundu yomera pamitengo m'Malawi, ndipo mu 1991 mayi Isobyl la Croix ndi a pabanja pawo anatulutsa lina lotchedwa Orchids of Malawi, lofotokoza yomera pamitengo ndi yomera pansi yomwe. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens, kumene amasungako zomera zouma za m'dziko muno, chilichonse ndi dzina lake ndi malo amene chinatengedwa. Ena mwa mayinawo ndi a kwathu konkuno. Disa zombica anaitcha potengera Zomba, Satyrium shirense potengera dera la Shire, ndipo Satyrium buchananii inatenga dzina la John Buchanan, mzungu wa ku Scotland amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kukakhazikika ku Zomba.

Kumene amamera ndi nthawi yake

Nsonga ya phiri la Mulanje, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo palibe malo ena okwera kuposa pamenepa m'dziko muno. Koma pamwamba pa phirili si pamiyala pokhapokha ayi. Pali zidikha zikuluzikulu za udzu monga Lichenya, Chambe, Thuchila ndi Sombani, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000. Kumeneko mvula imagwa yambiri, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsabe udzu. Pamene nthaka yalowa pang'ono madzi amaima, dothi lake n'kukhala lakuda bii, lofewa, loti ukaponda madzi amatumphuka m'mbali mwa phazi. Malo oterewa, pamodzi ndi m'mbali mwa timitsinje todutsa m'udzu, ndiwo mudzi wa maluwa athuwa.

M'munsi mwa phiri, m'mbali mwa mitsinje ya Ruo, Likhubula, Thuchila ndi Muloza, malo ambiri anasanduka minda ya tiyi, ya chimanga ndi madimba, pakuti anthu ndi ochuluka ndipo malo ndi ochepa. Komabe pamene patsala kachigawo ka dambo kosalimidwa, kapena mphepete mwa khwawa pamene khasu silinafike, munthu wamaso akhoza kupezapo ena mwa maluwawa.

Nthawi yabwino yowaona ndi kuyambira Disembala mpaka Malichi, ena n'kufika mu Epulo. Pali mitundu ingapo imene imafulumira, n'kutulutsa maluwa ndi mvula yoyamba. Ikamafika Juni masamba amakhala atauma, ndipo pamwamba pa nthaka sipaoneka kanthu kupatula kaphesi kouma. Koma tichenjezane: dzinja ndi nthawi imene matanthwe a m'phiri amaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Wofuna kukwera ayambire ku ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula n'kutenga munthu wodziwa njira, ndipo ana aang'ono atsale m'munsi.

Zizindikiro zinayi za banjali

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza duwa kudambo, musathamangire kulithyola. Njutani pansi, kapena gwadani, n'kuliyang'ana bwinobwino.

Choyamba, onani masamba. Mitsempha yake imayenda mondondozana kuchokera patsinde mpaka kunsonga, monga ya tsamba la chimanga, osati yolukana ngati ukonde monga ya tsamba la nyemba. Kawirikawiri masambawo ndi ofewa, okhathamira, ndipo kumunsi kwake amakumbatira tsinde.

Chachiwiri, werengani timasamba ta duwa. Tilipo tisanu ndi kamodzi, titatu takunja ndi titatu tam'kati, koma kamodzi mwa tam'katito kamasiyana ndi tinzake m'maonekedwe. Kameneka akatswiri amakatcha mlomo. N'chifukwa chake duwali lili ngati nkhope ya munthu: kumanja kumafanana ndi kumanzere, koma kumwamba sikufanana ndi kumunsi. Duwa lozungulira mofanana mbali zonse, monga la therere kapena la mpendadzuwa, si la m'banjali.

Chachitatu, suzumirani pakati. M'maluwa ambiri mumakhala tiulusi tokhala ndi ufa wachikasu umene umatsalira kuzala. M'duwa la chikande mulibe zimenezo. Muli kamzati kamodzi kakafupi, ndipo ufa wake unaumbidwa timibulu tiwiri tokhala ndi ulimbo. Mukalowetsamo kaudzu kowonda, timibuluto nthawi zina timatuluka titamatirira kunsonga, monga momwe timamatirira pamutu kapena pamlomo pa kachilombo kodzamwa timadzi totsekemera. Kuyesa kotere kuchitike pa duwa limodzi lokha, loonetsera ana, chifukwa timibulu timeneto ndito timabereketsa.

Chachinayi, onani kumbuyo kwa duwa lililonse. Pali kachinthu kobiriwira kotupa pang'ono kamene kamalumikiza duwa ku phesi, ndipo m'mitundu yambiri kamakhala kopotoka ngati chingwe. Kameneko ndiko kamadzasanduka kathumba ka njere.

Werengani tinyanga

Mukatsimikiza kuti duwalo ndi la m'banjali, chotsatira n'kudziwa fuko lake. Njira yosavuta ndi kuliyang'ana cham'mbali n'kufunafuna tinyanga, titimachubu tosongoka totuluka kumbuyo kwa duwa, mmene mumakhala timadzi tokopa tizilombo.

Tinyanga tikakhala tiwiri, totuluka kumbuyo kwa kachisoti kamene kali pamwamba pa duwa n'kutsika motsata phesi, ameneyo ndi Satyrium. Pa mafuko amene tikukamba pano, ndi lokhali lili ndi tinyanga tiwiri, ndipo kachinthu kobiriwira ka kumbuyo kaja mwa iwo sikapotoka. Wofala m'madambo ndi Satyrium trinerve, wa maluwa ang'onoang'ono oyera othithikana kunsonga kwa phesi, okhala ndi timasamba tosongoka totulukira m'mbali pakati pa maluwawo. Amakonda kuima mapazi ali m'madzi. Satyrium buchananii nayenso ndi woyera, koma tinyanga take n'tatitali ndipo amanunkhira. Ena m'fukoli ndi ofiira, ofiirira kapena a mtundu wa lalanje, ndipo ena ali ndi tsamba limodzi kapena awiri ozungulira ogona pansi penipeni ngati mbale yovundikira.

Kanyanga kakakhala kamodzi, kotuluka kumbuyo kwa kachisoti ka pamwamba, ameneyo ndi Disa. Mlomo wake ndi waung'ono, wonga kalilime kowonda kolendewera kumunsi. A Disa ndiwo amaonekera patali m'udzu. Disa erubescens ali ndi maluwa ochepa koma aakulu, a mtundu wa moto, a timadontho m'kati mwa kachisoti. Disa welwitschii ali ndi mutu wothithikana wa maluwa ofiira mowala, ndipo amakonda madambo. Disa hircicornis ndi wofiirira mopita ku mtundu wa maluwa a nyemba zina, ndipo kanyanga kake n'kopindika, moti dzina lakelo m'Chilatini likutanthauza nyanga ya mbuzi. Disa robusta ndi wa phesi lonenepa, maluwa ake a mawanga, kanyanga koloza kumwamba.

Kanyanga kakakhala kamodzi koma kolendewera pansi, kotuluka kuseri kwa mlomo kumunsi kwa duwa, ndipo duwalo n'kukhala lobiriwira kapena loyera, ameneyo ndi Habenaria. Fukoli lili ndi mitundu yambiri kuposa Disa kapena Satyrium, koma ndi losavuta kulilambalala chifukwa limafanana ndi udzu. Timasamba ta duwa lake nthawi zambiri timang'ambika tizidutswa towonda, moti duwa lonse limaoneka ngati kangaude kapena udzudzu waukulu wotera paphesi. Ambiri amanunkhira dzuwa likalowa, pokopa agulugufe a usiku a milomo italiitali, amene ndi okhawo angafike pansi pa kanyangako.

Brachycorythis amadziwika ndi masamba. Phesi lake lavala timasamba tambirimbiri kuchokera pansi mpaka kunsonga, ndipo maluwa ofiirira amasuzumira pakati pa timasambato. Kanyanga kake n'kakafupi ngati kathumba, kapena kulibe n'komwe.

Mafuko anayi amenewa, Satyrium, Disa, Habenaria ndi Brachycorythis, ndiwo amene timbatata take timakumbidwa kuti tikhale chikande. Pophunzitsa ana, mawu ake ndi ochepa: tiwiri pamwamba ndi Satyrium, kamodzi pamwamba ndi Disa, kamodzi pansi ndi Habenaria, masamba mpaka kunsonga ndi Brachycorythis.

Pali fuko lachisanu limene simungaliphonye, la Eulophia. Awa ndi aatali, ndipo phesi la maluwa limatuluka pansi palokha pambali pa masamba, osati pakati pake. Masamba a ambiri ndi opindapinda ngati a kokonati wongomera kumene. Eulophia angolensis, wa maluwa achikasu, amamera m'magulu m'zithaphwi n'kufika m'chiuno kapena pachifuwa. Eulophia horsfallii, wa maluwa ofiirira, amakonda m'mbali mwa timitsinje ndipo amatha kumupitirira munthu wamkulu. Pansi pake sipakhala timbatata tofewa ayi, koma zibuma zolimba zolumikizana ngati jinja, ndipo si amene ophika chikande amafuna.

Chikomekome cha mkuyu

Si duwa lililonse lokongola la kudambo limene lili la m'banjali, ndipo apa pali nkhani ya moyo ndi imfa. Pali Gladiolus, wa masamba afulati osongoka ngati lupanga ndi maluwa oyang'ana mbali imodzi. Mukasuzumira m'kati mwake muona tiulusi titatu ta ufa, ndipo pansi pake pali kachinthu konga anyezi kokutidwa ndi makoko a ulusi. Ameneyu si chikande.

Woopsa kwambiri ndi Gloriosa superba, duwa lija lofiira ndi chikasu la timasamba tobwerera m'mbuyo ngati malawi a moto, limene lili duwa la dziko la Zimbabwe. Limamera m'mphepete mwa madambo, m'tchire, ngakhale m'zitsamba za pamchenga kunyanja kuno. Limadziwika ndi nsonga za masamba ake zimene zimapindika ngati mbedza n'kumakolowekera pa zomera zina. Mbatata yake ndi yaitali, yoyera m'kati, yopindika ngati chigongono, ndipo ili ndi chiphe champhamvu chotchedwa colchicine. Ku India ndi ku Sri Lanka anthu afapo ataidya, ena poyesa kuti ndi chilazi. Chiphecho sichionekera nthawi yomweyo. Pakapita maola angapo m'pamene munthu amayamba kumva kutentha kukamwa ndi kukhosi, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Zikatero musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala mutatenga chidutswa cha chimene wadyacho.

M'chilimwe, masamba atauma, mwana sangasiyanitse zomera zimenezi. Lamulo la pakhomo likhale lakuti mbatata yam'tchire imene wamkulu wodziwa sanaione ili ndi masamba ndi maluwa ake isalowe mumphika kapena m'kamwa. Safunsa anadya phula.

Zimene zimachitika pansi pa nthaka

Kuti timvetse chifukwa chake chikande chimatha msanga, tiyenera kudziwa umo chimakhalira ndi moyo. Pansi pa phesi la Disa kapena Satyrium pamakhala timbatata tiwiri. Kamodzi ndi kachaka chatha, kofota ndi kakuda, chifukwa ndiko kadyetsa masamba ndi maluwa a chaka chino. Kenako ndi katsopano, kolimba, kodzaza ndi chakudya cha chaka chamawa. Wokumba amafuna katsopanoko. Ndiye kuti kambatata kalikonse kamene kali m'lichero ndi chomera chathunthu chimene sichidzaphukanso. N'zosiyana ndi mango kapena masuku, amene timathyola mtengo n'kutsala.

Nanga njere? Kathumba kamodzi kamakhala ndi njere masauzande, zazing'ono ngati fumbi, zouluka ndi mphepo. Koma njere zimenezi zilibe kamba wa paulendo monga ali nazo chimanga ndi nyemba. Kuti imere, njere iyenera kugwera pamene pali timitsitsi ta bowa wina wa m'dothi wosaoneka ndi maso, amene amailowa n'kumaidyetsa mpaka itatulutsa tsamba. Zambiri zimangofa. Imene yapulumuka imatenga zaka zingapo isanatulutse duwa loyamba.

Ichi n'chifukwa chake chikande sichinalowebe m'munda ngati mbatata kapena chinangwa. N'chifukwa chakenso duwa lozulidwa pa Lichenya n'kukabzalidwa m'chitini ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota limangofa. Lasiya dothi lake, bowa wake ndi kuzizira kwake.

Zimene zinaoneka kwa anzathu

Kale chikande chinali ndiwo ya pamudzi, yokumbidwa pang'ono nthawi imene ndiwo zina zasowa. Zinthu zinasintha pamene chinalowa m'misika ya m'mizinda ya ku Zambia. Madambo a kumeneko atayamba kuperewera, amalonda anawoloka malire. M'chaka cha 2003 akatswiri awiri, a Tim Davenport ndi a Henry Ndangalasi, anaulula kuti timbatata pakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka m'mapiri a kumwera kwa Tanzania chaka chilichonse kupita ku Zambia, ndipo mitundu yofika 85 inali pachiswe. Mu 2005 boma la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo, makamaka pofuna kupulumutsa maluwa. Kuno kwathu, akatswiri a pa yunivesite ya Mzuzu analemba mu 2009 za mitundu imene Amalawi amadya, ndipo pa mndandandawo panali Disa robusta, Disa zombica, Habenaria clavata ndi Satyrium buchananii. Kukumba mozemba kwafika ngakhale m'kati mwa malo otetezedwa a Nyika.

Nkhaniyi si ya ku Africa kokha. Ku Turkey amapera timbatata ta maluwa a m'banja lomweli n'kupanga ufa wotchedwa salep, umene amapangira chakumwa chotentha cha m'nyengo yozizira ndi ayisikilimu. Maluwawo atachepa, boma la kumeneko linaletsa kuwagulitsa kunja kwa dziko. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ku Mulanje lamulo lilipo kale. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo lamulo la zankhalango la 1997 sililola kukumba kapena kutenga zomera m'nkhalango yotere popanda chilolezo. Maluwa onse a m'banjali alinso pansi pa pangano la mayiko la CITES, moti kuwatulutsa m'dziko kumafuna zikalata. Bungwe la UNESCO linaika phirili m'gulu la malo ofunika a zachilengedwe mu 2000, ndipo mu 2025 linalilemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Koma chikalata sichilondera dambo. Amalondera ndi anthu amene akudziwa chimene chili m'dambomo.

Ndipo khasu la wokumba si mdani yekhayo. Ngalande zoumitsa dambo kuti pakhale dimba, ziweto zopondaponda malo amodzi chaka chonse, ndi moto wa mu Okutobala umene umanyeketsa ndi dothi lakuda lomwe, zonsezi zimachotsa maluwawa. Maluwawo akachoka, dziwani kuti dambo layamba kudwala. Dambo lamoyo limamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Madzi a Likhubula amene amapita m'mipope mpaka ku Blantyre, ndi a mtsinje wa Phalombe amene amakathira m'nyanja ya Chilwa kwa eni matemba, amayambira m'malo onga amenewa.

Phunziro limene a kunyanja tikulidziwa kale

Ife a kunyanja sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhani yotere. Akuluakulu a ku Malombe akukumbukira momwe chambo chinalili chochuluka, ndi momwe chinazimiririra kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka atakokolola ndi tiana tomwe. Tikudziwanso za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi m'miyezi ya dzinja kwa zaka zambirimbiri, ndipo asodzi amabwererako n'kukapeza nsomba. Chomera chimene chili ndi maluwa n'chimodzimodzi ndi chambo chimene chafungata ana m'kamwa. Wochigwira nthawi imeneyo wadya za chaka chino ndi za zaka zam'tsogolo pamodzi.

Tsono kwa amene amakumba m'madambo a kumudzi, kunja kwa nkhalango ya boma, pempho lathu ndi ili. Pitani m'dzinja mukaone chimene chamera, kuti mudziwe mtundu umene ulipo wambiri ndi umene watsala pang'ono. Wochepawo usiyeni. Musakumbe timathumba ta njere tisanaume n'kung'ambika. Pamene pali zomera zambiri, tengani zochepa n'kusiya zamphamvu, fotserani maenje, ndipo chigawo chimene mwakumba chaka chino chipume zaka zingapo. Mafumu amene amatha kutseka gombe akhozanso kutseka dambo.

Kwa ife ena, amene timapita ku Mulanje kukaona abale, kukachita malonda kapena kuperekeza ana a sukulu, ntchito yathu ndi ya maso. Foni ya m'manja ikwanira. Jambulani zithunzi zitatu: chomera chonse pamalo pake, duwa limodzi cham'mbali kuti tinyanga tioneke, ndi masamba a pansi. Lembani tsiku, malo, ndi kunena ngati panali madzi oima kapena pouma. Duwalo lisiyeni pomwepo, chifukwa lothyoledwa silibala njere. Ndipo simuyenera kudikira ulendo wa ku Mulanje. Mafuko omwewa amapezeka pa phiri la Zomba, ku Dedza ndi pa Viphya, ndipo dambo lililonse la kumtunda limene silinalimidwe, monga a cha ku Namwera, n'loyenera kuliyendera mu Januwale.

Chinthu china chimene chikutha mofulumira ngati maluwawo ndi mayina ake a makolo. Mayina a Chilatini amene tatchula pano ndi othandiza chifukwa ndi amodzimodzi padziko lonse, koma agogo athu aakazi amene ankakumba ndi kuphika ali ndi mayina awoawo m'Chilomwe, m'Chimang'anja, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, ndipo amadziwa mtundu umene umagwirana bwino mumphika ndi umene umangosungunuka. Aonetseni zithunzizo, afunseni, ndipo ana alembe zimene akunena.

Mukatero tilembereni, mutiuze dzina la duwalo m'chinenero cha kwanu, dambo limene munalipeza, mwezi wake, ndi kuti tinyanga tinali tingati. Makalata anu tidzawasanja pa tsamba lomwe lino.